Mtima wa Ng'ombe ndi Mlandu wa Chindoko

Pali mawu amene timakonda kunena tikafuna kutseka mkangano akuti, "Magazi sanama." Timatero mwana akafanana ndi bambo ake, ndipo masiku ano timateronso munthu akabwera ndi zotsatira kuchokera kuchipatala. Pa matenda ambiri mawuwa sapweteka aliyense, koma pa chindoko ndi nkhani ina chifukwa zotsatira zake sizithera m'chipinda cha dokotala. Zimakafika kunyumba, zimadzutsa funso lakuti wabweretsa matendawo ndani, ndipo nthawi zina zimakathera pamaso pa ankhoswe. N'chifukwa chake ndaganiza zolondola mbiri ya kayezedwe ka chindoko m'magazi kuyambira ku Berlin m'chaka cha 1906. Ndi mbiri ya mboni imene inathandiza anthu miyandamiyanda koma inkalozanso chala anthu opanda matendawo, ndipo zinatengera madokotala zaka zoposa 40 kuti apeze mboni ina yoitsutsa.

Chindoko chinayamba kudziwika ku Ulaya cha m'ma 1495, pamene chinabuka pakati pa asilikali amene ankamenyana mumzinda wa Naples. Kwa zaka 400 zotsatira madokotala ankadalira maso awo basi, ndipo nthendayi inkawazemba. Imayamba ndi kachilonda kosapweteka kamene kamapola kokha pakatha masabata angapo. Kenaka pamabwera zidzolo, nthawi zambiri mpaka m'manja ndi kumapazi, ndipo nazonso zimazimirira zokha. Zikatero nthenda imabisala kwa zaka zambiri, munthu n'kumayenda bwinobwino, kufikira tsiku limene mwa anthu ena imadzatulukira mumtsempha waukulu wa mtima, m'fupa la msana kapena mu ubongo. Mu March 1905 Fritz Schaudinn ndi Erich Hoffmann a ku Berlin anaona kachilombo koyambitsa nthendayi pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. N'kopyapyala, kotuwa, kopotana ngati sipuling'i, ndipo dzina lake ndi Treponema pallidum. Vuto linali lakuti kankaoneka m'madzi a pachilonda. Munthu amene zilonda zinapola kalekale analibe poti n'kumuyeza.

Amene anatseka mpata umenewu anali August von Wassermann, mothandizana ndi Albert Neisser ndi Carl Bruck. Iwo anabwereka njira imene akatswiri awiri a ku Belgium, Jules Bordet ndi Octave Gengou, anatulukira mu 1901. Maganizo ake anali osavuta kumva. Kachilombo kakalowa m'thupi, thupi limapanga asilikali olimbana nako ndipo asilikaliwo amatsala m'magazi. Tsono ukasakaniza magazi a munthu ndi kachilomboko, asilikaliwo akakhalapo amakambwandira. Popeza kachilombo ka chindoko kankakana kuwetedwa mu labotale, Wassermann anatenga chiwindi cha makanda amene anafa ndi chindoko chobadwa nacho, chifukwa chiwindi chotere chimakhala ndi tizilombo tosawerengeka. Msuzi wa chiwindicho ankausakaniza ndi madzi a m'magazi a wodwala ndi a mbira, kenaka n'kuthiramo maselo ofiira a magazi a nkhosa. Maselo a nkhosawo akaphulika, madzi m'kabotolo n'kufiira monyezimira, ndiye kuti munthuyo alibe chindoko. Akapanda kuphulika n'kudikha pansi, ndiye kuti ali nacho. Zotsatira zinasindikizidwa mu May 1906, ndipo posakhalitsa dzina la Wassermann linali pakamwa pa dokotala aliyense.

Chaka chotsatira panachitika chinthu chimene chikanayenera kuchenjeza aliyense. Karl Landsteiner wa ku Vienna, yemwe uja anatulukira magulu a magazi, pamodzi ndi anzake anapeza kuti chiwindi cha mwana wachindoko sichinali chofunika konse. Msuzi wa mtima wa mbira yabwinobwino, wosungunulidwa mu mowa wa m'labotale, unkagwira ntchito chimodzimodzi. Pambuyo pake malabotale anakhazikika pa mtima wa ng'ombe, umene unali wosavuta kuupeza. Apa owerenga aime kaye n'kulingalira. Ng'ombe sidwala chindoko cha anthu. Ngati magazi a wodwala ankambwandira kanthu kena ka mumtima wa ng'ombe, ndiye kuti kayezedweka sikankaona kachilombo ka chindoko. Kankaona chinthu china chimene chimakonda kuyenda limodzi ndi chindoko, monga momwe utsi umayendera limodzi ndi moto, ndipo pa nthawiyo panalibe amene ankadziwa kuti chinthucho n'chiyani.

Komabe madokotala sanataye njirayi, ndipo ine sindiwadzudzula. Mwa odwala amene chindoko chinali chitaonekera poyera, ambiri ankapezeka nacho m'magazi. Chida chimene chikugwira ntchito suchitaya chifukwa chakuti sukumvetsa kagwiridwe kake. Chimene chinatsatira ndi zaka zambiri zosula ndi kunola. Labotale iliyonse inali ndi kasakanizidwe kake, moti magazi amodzimodzi ankatha kutuluka ndi mayankho osiyana m'malabotale awiri. Bungwe la League of Nations linachititsa misonkhano ku Copenhagen mu 1923 ndi 1928, ndi ku Montevideo mu 1930, kumene akatswiri ankapatsidwa magazi ofanana kuti aone njira imene inkalakwa pang'ono. Mu 1923 Reuben Kahn wa ku Michigan anatulutsa njira yofulumira yosafuna nkhosa kapena mbira, imene inkangoona ngati madziwo apanga tizibuluma. Dokotala wina wa ku Poland, Ludwik Fleck, analemba buku mu 1935 lofotokoza kuti kayezedwe ka Wassermann sikanabadwe tsiku limodzi m'mutu mwa munthu mmodzi, koma kanaumbidwa pang'onopang'ono ndi manja a anthu ambiri osatchulidwa mayina.

Pa zaka zonsezi malipoti ankabwera kuchokera kuzipatala zosiyanasiyana onena za anthu amene magazi awo ankaonetsa chindoko pamene ankadwala zina. Odwala khate ankapezeka nacho mochuluka modabwitsa. Odwala malungo ankapezeka nacho pa nthawi ya kudwala, koma akachira magazi awo ankabwerera mwakale popanda mankhwala a chindoko. Zomwezi zinkaoneka mwa ena odwala chikuku, katsabola, chibayo ndi matenda a chiwindi, mwa ena amene angolandira katemera wa nthomba, ngakhalenso mwa amayi ena oyembekezera amene sankadwala chilichonse. Madokotala ambiri ankayankha kuti wodwalayo akubisa mbiri yake. Popanda njira ina yotsimikizira, mawu a munthu ankapepuka poyerekeza ndi kabotolo.

Kulakwa kotere sikunali kotsika mtengo. Kuyambira 1910 mankhwala a chindoko anali Salvarsan, amene Paul Ehrlich ndi Sahachiro Hata anapanga kuchokera ku poizoni wa arsenic. Pofika m'ma 1930 chithandizo chokwanira chinali jakisoni wa arsenic kapena wa bismuth sabata iliyonse kwa chaka ndi theka. Ena ankadwala chikasu, ena khungu linkasupuka, ndipo ena ankamwalira ndi mankhwalawo. Kwa munthu wachindoko chenicheni mtengo umenewu unali woyenera kuulipira. Kwa munthu amene anangodwala malungo mwezi wapitawo, kunali kumwetsedwa poizoni pa mlandu wa eni.

Zinthu zinakula ku America pamene Thomas Parran anakhala mkulu wa zaumoyo mu 1936. Iye anatsimikiza zothetsa chindoko poyeza anthu ambiri momwe kungathekere, ndipo mu 1937 analemba buku lotchedwa Shadow on the Land. Chigawo cha Connecticut chinali chitakhazikitsa kale mu 1935 lamulo lakuti ofuna kukwatirana ayambe ayezetsa magazi, ndipo zigawo zina zambiri zinatsatira. Makampani anayamba kuyeza ofunsira ntchito. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayandikira, anyamata mamiliyoni olembedwa usilikali anayezedwanso. Ntchitoyi inapeza odwala enieni ambiri amene sankadziwa kuti akudwala, ndipo inapulumutsa ana ambiri. Koma inalinso ndi msampha wa masamu umene ndikufuna kuufotokoza ndi chitsanzo chongoyerekeza.

Tiyerekeze kuti tili ndi kayezedwe kamene kamapeza wodwala aliyense, koma kamalakwitsa pa munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse abwinobwino. Tikapita nako kuchipatala cha matenda opatsirana pogonana, kumene mwa anthu 10,000 anthu 2,000 ali ndi chindoko, tipeza odwala enieni 2,000 ndi onamiziridwa 80. Pamenepo munthu wopezeka nacho ali ndi chifukwa chokhulupirira zotsatira. Tsopano titenge kayezedwe komweko n'kupita nako ku ofesi yolembetsera maukwati, kumene mwa anthu 10,000 odwala alipo 20 okha. Tipeza odwala 20 aja, komanso onamiziridwa pafupifupi 100. Mwa anthu asanu ndi mmodzi alionse ouzidwa kuti ali ndi chindoko, asanu alibe. Chida sichinasinthe, chasintha ndi gulu la anthu oyezedwa. Nthenda ikamachepa pakati pa anthu, gawo la zotsatira zabodza limakula. Atsikana ndi anyamata ambiri anaimitsa maukwati awo kapena kuchotsedwa ntchito chifukwa cha masamu amenewa.

M'maiko otentha munali chisokonezo china. Mu 1908 Colonel F. J. Lambkin, dokotala wa asilikali a Britain amene anatumizidwa ku Uganda, analengeza kuti chindoko chafala kwambiri moti mitundu ina ikhoza kutha, ndipo mlandu anauika pa khalidwe la akazi. Patapita zaka madokotala ena ndi olemba mbiri anaonetsa kuti zambiri mwa zimene zinkatchedwa chindoko m'dera lino la Africa zinali matenda achibale ake, monga nthenda ya zilonda yotchedwa yaws, imene ana amapatsirana pokhudzana khungu posewera. Kachilombo ka yaws ndi kofanana kwambiri ndi ka chindoko, kotero kuti kuyeza asilikali a m'magazi sikutha kusiyanitsa matenda awiriwa, ngakhale lero. Munthu amene anadwala yaws ali mwana ankatha kulembedwa m'mabuku a atsamunda ngati umboni wa chiwerewere cha mtundu wake. Mukaonjezapo malungo ndi khate, mumaona chifukwa chake ziwerengero za chindoko za nthawi imeneyo tiyenera kuziwerenga mosamala.

Funso la zotsatira zabodza m'maiko otentha lili ndi mbali yake yochititsa manyazi. Pakati pa 1946 ndi 1948 madokotala a boma la America, motsogozedwa ndi John Cutler, anachita kafukufuku ku Guatemala. Anatenga magazi a anthu oposa 5,000, kuphatikizapo ana amasiye, ana asukulu ndi odwala khate, pofuna kuona mmene njira zosiyanasiyana zoyezera zinkalakwira. M'kafukufuku yemweyo anapatsira dala chindoko, chinzonono ndi matenda ena anthu oposa 1,300, amene anali akaidi, asilikali, odwala misala ndi akazi oyendayenda, popanda chilolezo chawo. Nkhaniyi inabisika mpaka katswiri wa mbiri Susan Reverby ataivumbula, ndipo mu October 2010 Purezidenti Barack Obama anapepesa dziko la Guatemala. Funso limene ankafuna kuyankha linali lenileni, koma palibe funso limene lingalungamitse zimene anachitazo.

Kuwala kunayamba kubwera mu 1941 kudzera mwa mayi wina wosatchuka, Mary Pangborn, wa ku labotale ya zaumoyo ya chigawo cha New York ku Albany. Iye anakwanitsa kupatula kanthu kaja ka mumtima wa ng'ombe ndipo anapeza kuti ndi mtundu wa mafuta, amene anawatcha cardiolipin. Mafutawa sali mu ng'ombe mokha. Ali m'kati mwa maselo a munthu aliyense, m'tizigawo timene timapanga mphamvu, ndipo alinso m'kachilombo ka chindoko. Maselo akawonongeka mafutawa amatulukira poyera, thupi n'kupanga asilikali olimbana nawo. Chindoko chimachititsa zimenezi kwambiri, koma malungo, khate ndi matenda ena owononga maselo amatha kuchita chimodzimodzi. Ndi mafuta oyeretsedwa amenewa, labotale ya boma la America inapanga kayezedwe ka VDRL mu 1946, ndipo mu 1957 panabwera RPR. Njirazi zinachepetsa kusiyana kwa malabotale, koma sizikanathetsa bodza lochokera m'thupi mwenimwenimo.

Mboni yachiwiri inapezeka mu 1949. Robert Nelson ndi Manfred Mayer a ku Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore anatenga tizilombo tamoyo ta chindoko towetedwa m'matupi a akalulu, n'kutisakaniza ndi madzi a m'magazi a munthu. Munthuyo akakhala kuti anagwidwapo ndi chindoko, tizilomboto tinkasiya kuyenda. Njirayi inali yodula ndi yovuta, koma kwa nthawi yoyamba magazi ankafunsidwa za kachilombo kenikeniko. Joseph Earle Moore ndi Charles Mohr anaigwiritsa ntchito pa anthu amene kwa zaka ankalumbira kuti sanadwalepo chindoko, ndipo mu 1952 analengeza kuti ambiri mwa iwo ankanena zoona. Anagawa zotsatira zabodza m'magulu awiri. Zina ndi zakanthawi, zimene zimabwera ndi matenda a kutentha thupi, katemera kapena pakati, ndipo zimatha isanakwane miyezi 6. Zina ndi zokhalitsa, zimene zimapitirira miyezi 6, mwina moyo wonse.

Gulu lachiwirili ndi limene limandigwira mtima. Moore ndi anzake atawatsatira anthuwa kwa zaka anapeza kuti ambiri anali akazi, ndipo ena mwa iwo anadzadwala lupus, nthenda imene chitetezo cha m'thupi chimaukira mwini wake. Mu 1983 Graham Hughes ndi anzake a ku chipatala cha Hammersmith ku London anafotokoza nthenda imene asilikali olimbana ndi mafuta a mtundu wa cardiolipin amachititsa magazi kuundana m'mitsempha ndi amayi kupita padera mobwerezabwereza. Taganizirani mayi wa m'ma 1930 amene mimba zitatu zapita padera, ndipo magazi ake aonetsa chindoko. Kwa dokotala, kwa mwamuna wake ndi kwa apongozi ake nkhani inali yoonekeratu, pakuti chindoko nacho chimapha ana m'mimba. Koma mwa amayi otere munali ena amene analibe chindoko n'komwe. Lero nthenda yawoyo ili ndi dzina, ndipo amathandizidwa ndi aspirin ndi heparin.

Zimene mbiriyi yatisiyira ndi mabanja awiri a kayezedwe. Banja loyamba ndi la zidzukulu za Wassermann, VDRL ndi RPR. Izi zimakwera nthenda ikakhala yamphamvu ndipo zimatsika munthu akalandira mankhwala. Labotale imasungunula madzi a m'magazi mobwerezabwereza n'kulemba pamene afika akuonetsabe, monga 1:2, 1:8 kapena 1:32. Kutsika kuchoka pa 1:32 kufika pa 1:8 ndi chizindikiro chakuti mankhwala agwira. Zotsatira zabodza nthawi zambiri sizipitirira 1:8, koma chindoko chenicheni chongoyamba kumene kapena chakalekale nacho chimatha kukhala chotsika chomwecho, choncho nambala yokha siweruza mlandu. Banja lachiwiri ndi la zidzukulu za Nelson ndi Mayer, monga FTA-ABS ya mu 1964, TPHA, ndi timizere toyezera mwachangu ndi dontho la magazi a pachala. Izi sizinama kawirikawiri, koma zili ngati chipsera: mwa anthu ambiri zimaonetsabe moyo wonse ngakhale munthu atachira kalekale. Banja lililonse limatseka bowo la linzake, ndipo yankho lodalirika limabwera onse awiri akafunsidwa.

Apa ndi pamene mbiriyi imatikhudza ife kuno kwathu, kumene malungo ndi a chaka ndi chaka, kumene kachilombo ka HIV nako kamatha kusokoneza RPR, ndiponso kumene amayi ambiri amayezedwa chindoko kusikelo ndi kamzere ka pachala. Sindikufuna kuti wina amve ngati ndikunena kuti chindoko ndi nthano. Kafukufuku wa amayi oyembekezera ku Mangochi, amene anasindikizidwa mu 1993 m'magazini ya bungwe la WHO, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa ana anayi alionse obadwa akufa m'deralo anafa chifukwa cha chindoko cha mayi. Kafukufuku wa ku Mwanza m'dziko la Tanzania wa mu 2002 anaonetsa kuti jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin woperekedwa pa nthawi yake amateteza mwana wosabadwayo. Kuyambira 1943, pamene John Mahoney anaonetsa kuti penicillin amachiza chindoko, mtengo wa kulakwitsa unatembenuka. Kale munthu wonamiziridwa ankalandira arsenic kwa chaka ndi theka. Lero amalandira jakisoni wopweteka pathako koma wosaopsa kwa anthu ambiri. N'chifukwa chake mu 2017 WHO inalangiza kuti kumene kulibe labotale, mayi woyembekezera amene kamzere kaonetsa chindoko alandire jakisoni tsiku lomwelo. Kubaya mayi amene analibe nthendayo ndi kulakwa kwakung'ono poyerekeza ndi kuika m'manda mwana amene akanapulumuka.

Chigamulo chimenechi n'chanzeru kuchipatala, koma sichiyenera kutengedwa ngati chigamulo cha pabwalo. Kamzere kakaonetsa, pali zotheka zingapo. Mwina ndi chindoko chatsopano. Mwina ndi chindoko chimene chinabisala kwa zaka, chimene mmodzi wa awiriwo anabwera nacho asanadziwane n'komwe. Mwina ndi chipsera cha nthenda imene inachiritsidwa kale, kapena cha yaws kwa amene anakulira kumene nthendayi inkapezeka. Mwinanso, ngati wayezedwa ndi RPR yokha, ndi malungo a mwezi wathawo kapena pakati penipenipo. Magazi sanena kuti nthenda inalowa liti, ndipo sanena kuti inachokera kwa yani.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayi amene wapezeka nacho alandire jakisoni osazengereza, ndipo bambo apite nawo akayezedwe ndi kuthandizidwa, kuopa kupatsirananso. Afunse namwino kuti ayezedwa ndi njira iti, anene ngati analandirapo kale mankhwala a chindoko, ndipo kumene kuli kotheka apemphe kuyezedwa ndi njira ya banja linalo. Amene zotsatira zake zabodza zapitirira miyezi 6 aonane ndi dokotala za matenda ena monga lupus. Ndipo ankhoswe akaitanidwa, adziwe kuti pa nkhani imeneyi madokotala eni ake anasiya kugamula ndi mboni imodzi kuyambira 1949.